Mkodzo ukuvuta kutuluka koma opaleshoni ya prostate ndikuiopa, nditani?

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 66, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Kwa zaka ziwiri tsopano mkodzo wanga ulibe mphamvu. Ndikaima kuti nditaye madzi ndimayamba ndadikira, ukayamba kutuluka umaduladula, ndipo ndikamaliza ndimamva kuti wina watsalira. Usiku ndimadzuka kanayi kapena kasanu. Ndikakwera kombi kupita m'tauni mtima sukhala m'malo. Kukiliniki anati prostate yanga yakula ndipo anandipatsa tamsulosin. Poyamba mankhwalawa anandithandiza, koma pano vuto labwereranso, ndipo akuti mwina ndifunika opaleshoni. Anzanga akuti opaleshoniyo imapha mphamvu yachimuna. Mphwanga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko akuchiza ndi nthunzi osang'amba munthu. Kodi imeneyi ndi khansa? Nanga ndilole opaleshoni kapena ndidikire?"

Bambo, mwachita bwino kulemba momasuka chonchi, chifukwa abambo ambiri nkhani imeneyi amafa nayo mumtima mpaka tsiku limene mkodzo watsekeratu. Mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro zodziwika bwino za kukula kwa prostate kumene kumabwera ndi msinkhu. Kukula kumeneku si khansa, ndipo sikusanduka khansa. Mwa abambo a zaka za m'ma 50, pafupifupi theka prostate imakhala itayamba kukula, ndipo mwa amene apitirira zaka 80 amafika pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Komabe matenda awiriwa angathe kupezeka mwa munthu mmodzi, ndiye kuyezetsa sikuthawika.

Prostate ili pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mnyamata imalemera magalamu 20 kapena 25. Ikamakula imapana njirayo pawiri: mnofu wowonjezekawo umatsekereza, ndipo timinofu ta mkati mwake timakungika n'kufinya. Chikhodzodzo chimayamba kukankha mwamphamvu, khoma lake limakhuthala, kenako chimayamba kufuna kutulutsa ngakhale muli mkodzo wochepa. N'chifukwa chake munthu amene mkodzo ukumuvuta kutuluka ndi yemweyonso amene akuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi. Zaka zikamapita chikhodzodzo chimatopa, mkodzo wotsalira umachuluka, umaitana tizilombo ndi miyala, ndipo ukayamba kubwerera m'mwamba umawononga impso. Mwa bambo ngati inu, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikhodzodzocho ndi impso. Prostate timatha kuikonza ngakhale munthu atakalamba, koma chikhodzodzo chikafookeratu, mphamvu yake kawirikawiri sibwerera yonse ngakhale opaleshoni itayenda bwino chotani. Choncho funso loti mudikire kapena ayi liyankhidwa ndi mmene ziwalo ziwirizi zilili.

Musanakambe za opaleshoni, pali zoyeza zingapo zimene muyenera kuonetsetsa kuti zachitika. Ayeze mkodzo ngati muli tizilombo, magazi kapena shuga. Matenda a shuga paokha amadzutsa munthu kukakodza usiku, ndipo abambo ena amamwa mankhwala a prostate kwa nthawi yaitali pamene vuto lalikulu ndi shuga. Ayeze magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito. Akujambuleni sikani ya pamimba, imene imaonetsa kukula kwa prostate, mkodzo wotsala mukangomaliza kukodza, ndi ngati impso zatupa. Kumene kuli makina oyeza liwiro la mkodzo, mumakodzera m'kachipangizo. Liwiro likakhala pansi pa mamililita 10 pa sekondi, nthawi zambiri ndiye kuti njira yatsekerezedwadi. Dokotala adzafunanso kukhudza prostate ndi chala kudzera kunjira ya chimbudzi. Ambiri amachita manyazi, koma sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo chala chimamva kulimba kapena zotupa zimene sikani ya pamimba siziona.

Mumuuzenso dokotala mbiri yanu yonse osabisa. Chinzonono cha pa unyamata chimatha kusiya chipsera chimene chimachepetsa njira ya mkodzo patapita zaka zambiri, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za prostate koma chithandizo chake n'chosiyana. Amene munakulira m'mbali mwa nyanja kwathu ku Malawi, kapena munkasambira m'madamu a m'mafamu kuno, tchulani za likodzo, chifukwa limawononga khoma la chikhodzodzo. Mapiritsi a BP monga hydrochlorothiazide ndi furosemide amachulukitsa mkodzo, ndipo kungosintha nthawi yomwera kumatha kuchepetsa kudzuka usiku.

Za khansa, chimene amayeza m'magazi ndi PSA, chinthu chimene prostate imapanga. Imakwera pa khansa, koma imakweranso prostate ikangokula, mukakhala ndi tizilombo mu mkodzo, mkodzo ukatseka, kapena akangokuikani kapaipi kotulutsira mkodzo. Ndiye musayezetse pamene mkodzo ukuwotcha. Chiritsani kaye, papite masabata ngati 6, komanso musagone ndi mayi akunyumba kwa masiku awiri musanapereke magazi. PSA yokwera payokha siitanthauza khansa. Masiku ano kumene kuli kotheka amayamba ajambula prostate ndi makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI asanatape kachidutswa kokayeza, ndipo zimenezi zapulumutsa abambo ambiri ku singano zosafunika. Ife anthu akuda khansa ya prostate imatipeza kwambiri kuposa mitundu ina, ndiye pa zaka 66 PSA muidziwe, makamaka ngati bambo anu kapena mbale wanu wa bere limodzi anadwalapo.

Pali ntchito ina yoti muchite nokha kunyumba. Kwa masiku atatu, kodzerani m'jagi yokhala ndi mizere ya muyezo, ndipo lembani nthawi ndi kuchuluka kwake, usana ndi usiku, pamodzi ndi zimene mwamwa. Kapepala kameneka kamaulula zambiri. Ngati usiku mukudzuka kasanu koma ulendo uliwonse mukungotulutsa mamililita 80 kapena 100, vuto lili pa chikhodzodzo ndi prostate. Koma ngati mkodzo wa usiku ukupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mkodzo wa tsiku lonse, ndiye kuti thupi likupanga mkodzo wambiri usiku, ndipo zoyambitsa zake zimakhala zina: kutupa miyendo, vuto la mtima, kubanika kutulo kwa anthu oliza mkonono kwambiri, kapena tiyi wa madzulo. Bambo wotere mungamupale prostate yonse, adzadzukabe usiku.

Tsopano za tamsulosin. Mankhwala amenewa, amene amamwedwa mamiligalamu 0.4 kamodzi pa tsiku, amamasula timinofu tokungika tija, n'chifukwa chake amathandiza m'masiku ochepa. Koma sachepetsa prostate. Iyo imapitiriza kukula, ndipo pakapita nthawi mnofu umaposa mphamvu ya mankhwala. Zimene zakuchitikiraniza n'zosadabwitsa, ndipo sizitanthauza kuti mankhwala onse akanika. Ngati sikani yaonetsa kuti prostate yafika mamililita 40 kapena kupitirira, amawonjezera finasteride wa mamiligalamu 5 kapena dutasteride wa 0.5. Amenewa amatsekereza mahomoni amene amakulitsa prostate, ndipo imafota ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Koma amafuna kudekha: phindu limayamba kuoneka pakatha miyezi 6, ndipo ambiri amasiya pa mwezi wachiwiri n'kumati sakugwira ntchito. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa MTOPS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003, anaonetsa kuti kuphatikiza mitundu iwiriyi kumachepetsa kukula kwa vutoli ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Mankhwala alionse ali ndi zake. Tamsulosin ndi anzake monga doxazosin amatha kuchititsa chizungulire mukadzuka mofulumira, ndiye usiku khalani kaye pamphepete pa bedi musanaimirire. Ngati mudzafuna opaleshoni ya ng'ala, muuzeni dokotala wa maso kuti mumamwa kapena munamwapo tamsulosin, chifukwa amafewetsa mbali ina ya diso ndipo opaleshoniyo imavuta dokotala akapanda kudziwa. Finasteride mwa abambo ochepa amachepetsa chilakolako kapena kutupitsa mabere, ndipo amatsitsa PSA ndi theka, choncho woyeza ayenera kudziwa kuti mukumwa. Mayi woyembekezera asagwire piritsi lake losweka. Palinso tadalafil wa mamiligalamu 5 tsiku lililonse, amene anavomerezedwa pa vutoli mu 2011; amathandiza mkodzo ndi mphamvu yachimuna pamodzi, koma ndi woopsa kwa amene amamwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate. Ngati chovuta kwambiri n'chakuti mkodzo ukakugwirani simungaugwire, monga zimene mumaopa mu kombi zija, pali solifenacin kapena mirabegron okhazika chikhodzodzo pansi, koma ayambe ayeza mkodzo wotsalira, chifukwa ukakhala wambiri mankhwala oterewa angautseke. Makapisozi a zitsamba a saw palmetto amene amagulitsidwa modula m'mafamase anayesedwa mosamala ndipo sanapose piritsi lopanda mankhwala. Ndalama imeneyo isungireni sikani.

Zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku nazo zimathandiza. Lekani kumwa zamadzi maola awiri kapena atatu musanagone, koma masana imwani mokwanira. Chepetsani tiyi, khofi ndi mowa madzulo. Pewani kudzimbidwa. Mukamaliza kukodza dikirani pang'ono n'kuyesanso kachiwiri, ndipo za madontho onyowetsa kabudula, kanikizani ndi zala kuseri kwa machende n'kukokera kutsogolo kuti wotsalira m'njira atuluke. Chenjerani kwambiri ndi mankhwala a chimfine ogula popanda kalata ya dokotala, makamaka okhala ndi pseudoephedrine kapena chlorpheniramine. M'miyezi yozizira ya June ndi July, bambo akamwa amenewa n'kuwonjezera mowa wambiri, n'kuugwira mkodzo pa ulendo wautali wa basi, ndi pamene umatsekeratu.

Opaleshoni imakhala yofunikadi pamene mkodzo watseka ndipo akachotsa kapaipi ukutsekanso, pamene tizilombo ta mu mkodzo tikubwerezabwereza, pamene m'chikhodzodzo mwapezeka miyala, pamene prostate ikutulutsa magazi mobwerezabwereza, kapena pamene impso zayamba kutupa. Kupatula pamenepa, chimene chimalamula ndi mmene vutoli likusautsira moyo wanu mankhwala atayesedwa mokwanira.

Mantha a anzanu aja ndawamva, ndipo ali ndi pochokera, koma asakaniza zinthu ziwiri. Opaleshoni ya khansa imachotsa prostate yonse, ndipo imatha kukhudza mitsempha ya mphamvu yachimuna; jakisoni wotsitsa mahomoni pa khansa nayenso amaziziritsa thupi. Opaleshoni ya prostate yongokula ndi ina. Yodziwika kwambiri ndi TURP. Sang'amba pamimba. Amakubayani jakisoni wa pamsana, n'kulowetsa chipangizo chokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo, n'kumapala mnofu wa mkati pang'onopang'ono monga mmene timakombera papaya ndi supuni n'kusiya khungu lake. Zimatenga ngati ola limodzi. Mitsempha ya kutota imadutsa kunja kwa khungulo, ndiye abambo ambiri amene anali bwino asanachitidwe amakhalabe bwino. Chimene chimasintha mwa abambo pafupifupi awiri mwa atatu alionse n'chakuti pofika pachimake umuna sutuluka kunja, umabwerera m'chikhodzodzo n'kudzatuluka ndi mkodzo. Kukoma kumamvekabe ndipo sizivulaza thupi, koma kubereka kumavuta, ndipo bambo amene sanauzidwe zimenezi amadzidzimuka n'kuganiza kuti amuwononga. Kambiranani ndi mayi akunyumba musanasaine.

TURP nayonso yapita patsogolo. Kale ankatsuka m'kati ndi madzi opanda mchere, amene akalowa m'magazi ochuluka ankatsitsa mchere wa m'thupi mpaka munthu kusokonezeka mutu. Makina atsopano a bipolar amagwiritsa ntchito madzi amchere, ndipo ngozi imeneyi inatsala pang'ono kutheratu. Ndi bwino kufunsa kuti agwiritsa ntchito mtundu uti. Mukatuluka mumakhala ndi kapaipi kwa tsiku limodzi mpaka atatu. Pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 mkodzo umatha kufiiranso nkhanambo ya m'kati ikamachoka; imwani madzi ambiri, koma mukaona magazi oundana kapena mkodzo ukatseka bwererani kuchipatala. Kwa mwezi wathunthu musanyamule zolemera, musapalase njinga, ndipo za m'nyumba zidikire. Kuthamangira kuchimbudzi kumatha kupitirira kwa miyezi iwiri kapena itatu chifukwa chikhodzodzo chimachedwa kuzolowera. TURP imayenera prostate ya pakati pa mamililita 30 ndi 80. Ikaposa pamenepo, njira yakale ndi yong'amba pachinena n'kuchotsa mnofu wonse wa mkati. Imagwira ntchito bwino kwambiri, koma magazi amatayika ambiri ndipo m'chipatala mumakhalitsa.

Pa njira zatsopano, imene ine ndimaiona kuti yasinthadi zinthu ndi HoLEP, imene inayambira ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990. Dokotala amagwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kusenda mnofu wonse wa mkati kudzera m'njira ya mkodzo, n'kuuphwanya m'chikhodzodzo kuti utuluke. Imatheka pa prostate ya kukula kulikonse, magazi amatayika ochepa, kapaipi kamachoka msanga, ndipo n'zosowa kuti munthu adzafunenso ina. Koma umuna umabwererabe m'chikhodzodzo, ena mkodzo umawadontha kwa masabata angapo, ndipo imafuna dokotala amene waichita kambirimbiri. Pali laser inanso yotchedwa GreenLight imene imasungunula mnofu, yothandiza kwa amene amamwa mankhwala osungunula magazi.

Ya nthunzi imene akunena mphwanuyo ilipodi, dzina lake ndi Rezum, ndipo inavomerezedwa ku America mu 2015. Kasingano kamalowa mu prostate kudzera m'njira ya mkodzo n'kupopera nthunzi kwa masekondi 9 pamalo alionse. Mnofu wopsawo umafa, ndipo thupi limauyamwa pang'onopang'ono. Mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo abambo ambiri umuna umatulukabe monga kale. Zimene otsatsa satchula kawirikawiri n'zakuti prostate imayamba yatupa, ndiye mumapita kunyumba ndi kapaipi kwa masiku angapo, mkodzo umawotcha kwa masabata, ndipo phindu lenileni limaoneka pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Mkodzo sutuluka mwamphamvu ngati mmene umachitira pambuyo pa TURP, ndipo palibe mnofu wopita kukayezedwa, choncho nkhani ya khansa iyenera kukhala itatha kale. Imayenera makamaka prostate yosapitirira mamililita 80.

UroLift, imene inavomerezedwa ku America mu 2013, siwotcha kapena kudula: amaika tizingwe tokhala ndi tizitsulo tokokera mbali ziwiri za prostate kuti njira itseguke. Munthu amachira msanga ndipo za m'nyumba sizisintha, koma pa zaka 5, mmodzi mwa anthu 7 alionse amafunanso chithandizo china. Aquablation imadula mnofu ndi madzi othamanga kwambiri motsogozedwa ndi kompyuta. Palinso njira yotseka mitsempha yodyetsa prostate: amalowetsa kapaipi kakang'ono m'mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pamkono n'kuthiramo timikanda ting'onoting'ono kuti prostate ifote. Imeneyi imathandiza okalamba kwambiri amene thupi lawo silingapirire opaleshoni.

Njira zatsopanozi zimapezeka kwambiri m'zipatala zolipira, ndipo zina anthu amazitsatira ku South Africa kapena ku India pa mtengo wokwera. Malangizo anga ndi akuti musagulitse katundu kuthamangira nthunzi musanadziwe kukula kwa prostate yanu ndi mkodzo umene ukutsalira. Ngati prostate ndi yapakatikati, chikhodzodzo chikutulutsa bwino, ndipo kutuluka kwa umuna n'kofunika kwambiri kwa inu, Rezum kapena UroLift n'zoyenera kuziganizira ngati thumba likulola. Koma ngati mkodzo wotsalira ndi wochuluka, kapena impso zayamba kukhudzidwa, mukufunika njira yotsegula kwambiri, ndipo TURP yochitidwa ndi dokotala wozolowera kuno kwathu ikuthandizani kuposa njira yofewa ya kutali. Kumbukiraninso kuti mavuto a pambuyo pa opaleshoni amabwera mutabwerera kale ku Mufakose, ndipo mudzafuna dokotala wapafupi amene akukudziwani.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la kiliniki. Mkodzo ukatsekeratu, pachinena patatupa n'kumapweteka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Musamwe madzi ambiri poganiza kuti akankha. Adzakuikani kapaipi, n'kukupatsani tamsulosin kwa masiku awiri kapena atatu, kenako n'kuyesa kukachotsa. Thamanganinso mukaona magazi mu mkodzo, mukatentha thupi ndi kunjenjemera mkodzo ukuwotcha, kapena msana ndi mafupa zikamawawa kosalekeza thupi likutsika. China chimene ambiri sachidziwa: bambo wamkulu akayamba kukodza pogona osadzimva, nthawi zambiri ndiye kuti chikhodzodzo chadzaza mpaka kusefukira popanda ululu, ndipo impso zili pangozi. Ameneyo ayezedwe magazi a impso m'masiku omwewo.

Ndipo kapaipi kasasanduke chithandizo cha moyo wonse popanda chifukwa. Abambo ena amayenda chaka chathunthu ndi thumba la mkodzo lomangirira pamwendo m'kati mwa buluku, osafunsanso za tsiku la opaleshoni. Ngati n'kofunika kukhala nako podikira, ka labala wamba kasinthidwe pakatha masabata 4, ka silicone kasapitirire masabata 12, ndipo thumba likhale pansi pa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere.

Inuyo Bambo, pitirizani kumwa tamsulosin, bwererani kukiliniki ndipo pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa njira ya mkodzo, kaya ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe Central Hospital kapena kwa wolipira. Tengani kapepala ka masiku atatu kaja ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo aspirin, warfarin kapena a zitsamba, chifukwa ena amafunika kuimitsidwa opaleshoni isanachitike ndipo woimitsa akhale dokotala. Musatuluke m'chipindamo musanadziwe manambala anayi: kukula kwa prostate, mkodzo wotsalira, PSA ndi zotsatira za impso. Zikakhala kuti impso zili bwino ndipo wotsalira ndi wochepa, muli ndi mpata woyesa mankhwala awiri aja, tamsulosin pamodzi ndi finasteride kapena dutasteride, kwa miyezi 6 musanasankhe za opaleshoni.